Fisi ndi Bokosi Lowala M'mimba

Padangokhala Fisi, Chule, Nkhululu, Nyani ndi Njiwa. Onsewa ankakhala cha ku Ntaja, m'boma la Machinga, ndipo adali ndi gulu loyimba.

Chule ankagwira besi ndi kukhosi kwake komwe. Nkhululu ankaliza gitala. Nyani ankaomba ng'oma. Abiti Njiwa ndiye ankatsogolera nyimbo, ndipo akangotsegula pakamwa amayi ochokera kuchitsime ankatula ndowa zawo pansi. Nanga Che Fisi? Che Fisi adali wapampando. Adalinso mlembi. Adalinso msungichuma. Kuyimba ankayimbanso, koma akayamba, ana ankathamangira kukatseka makola a mbuzi.

Gululi linkayimba m'maukwati ndi m'zinamwali. Malipiro ake adali nsima ya matemba ndi zikomo. Chimbale lidalibe. Lidali ndi laputopu yakale yomwe mlamu wake wa Nyani adatumiza kuchokera ku Johannesburg, maiki imodzi, ndi kabokosi kakang'ono kolumikizira maikiyo ku laputopu. Ankati akajambula, nyimbo inkamveka ngati yoyimbira m'nkhokwe, ndiye ankafufuta.

Tsiku lina madzulo Che Fisi adaitanitsa msonkhano.

"Taonani anzathu a ku Balaka," adatero. "Alleluya Band idayamba mu 1978, pa parishi chabe, ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici. Lero ndani saidziwa? Paul Banda adatsegula situdiyo yake ya IY komweko. Mng'ono wake Lucius adatchuka ndi Zembani mpaka kunja kwa dziko. Kodi anthu a ku Balaka ali ndi makosi awiriawiri?"

"Ali ndi khama," adatero Abiti Njiwa.

"Ali ndi zipangizo," adatero Che Fisi. Mlembi, yemwe adali Che Fisi yemweyo, adalemba kuti msonkhano wagwirizana kuti vuto ndi zipangizo.

Pasanathe sabata, Kalulu adatulukira. Adavala jekete yachikopa dzuwa lili phwee, kumsana kuli chikwama. Adati wangotsika kumene basi ya ku Johannesburg ndipo wabweretsa chinthu chomwe sangaonetse masana. Adadikira mpaka kudade, natseka chitseko, natulutsa bokosi lachitsulo losaposa njerwa, lokhala ndi mabatani awiri opotokola ndi kazenera kamodzi kutsogolo. Adalilumikiza kumagetsi. Kazenera kaja kadawala, kuwala kwa makala a usiku, ndipo mkati mudaoneka kabotolo kagalasi kali chiimire.

"Eee!" adatero Chule.

"Iyi ndi preamp ya chubu," adatero Kalulu motsitsa mawu. "Mawu amalowa uku ali ozizira. Amawotha moto uwu. Amatuluka uku ali ofunda, onona, a mafuta. Bwana wapampando, mawu anuwo si oipa ayi. Angozizidwa basi."

Che Fisi adagwetsa dovu. Kuyambira ali mwana palibe adamuuzapo zoona zokoma chonchi.

Awiriwo adapita kuseri kwa nkhokwe kukakambirana mtengo. Zomwe adanong'onezana kumeneko adazimva ndi chiswe chokha. Pobwerera, Che Fisi adali atagwira mutu.

"Ndalimbana naye, abale anga. Amafuna matumba 30 a mpunga. Ndamutsitsa mpaka 20."

Chule adapereka mpunga wonse womwe adalima m'madambo a ku Chilwa, nagulitsanso ukonde wake. Nkhululu adagulitsa nandolo wake asanakwere mtengo. Nyani adagulitsa njinga yomwe ankapangira kabaza. Abiti Njiwa adakongola ku banki mkhonde. Che Fisi adati iye wapereka nzeru, ndipo nzeru sizilowa m'thumba. Matumba adakwana 20, ngolo idawanyamula usiku, bokosi lidatsala.

Atalilumikiza, m'mahedifoni mudamveka kulira kosalekeza. Mmmmmm. Palibe akuyimba, palibe akulankhula, koma mmmmmm.

"Likukonza kukhosi," adatero Che Fisi.

Lidakonza kukhosi masiku atatu. Lachinayi Abiti Njiwa adati, "Tiyeni nalo kwa Che Kamba ku Balaka. Mkulu uja adakonzapo mawailesi ife tisanabadwe."

Adakwera minibasi mpaka ku Liwonde, Che Fisi atalifungatira bokosi pachifuwa. Powoloka Shire pa Kamuzu Barrage, Nyani adaloza zitseko zikuluzikulu zamadzi zija nati agogo ake ankakamba kuti zidamangidwa mu 1965, ndipo ndizo zimagawa madzi opita ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira komwe amapukusa magetsi.

"Madzi onsewa," adatero Che Fisi, "akuthamangira kukayatsa bokosi langa."

"Lathu," adatero Abiti Njiwa.

"Ndi zomwe ndanena," adatero Che Fisi.

Che Kamba adampeza pakhonde la kagolosale kuseri kwa msika wa Balaka. Patebulo pake padali mawailesi ong'ambika mimba, mawaya opiringizana, ndi chitsulo chowotcherera chikufuka kautsi konunkhira utomoni. Magalasi ake adali omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Adalandira bokosi ndi manja awiri, nalitembenuza, nalinunkhiza, namasula masikuluwu anayi mosafulumira, nawaika m'kachitsekero ka botolo.

"Ambuje, samalani moto," adatero Che Fisi.

"Moto uti, mwanangu?"

Che Kamba adalumikiza bokosi lotsegulalo kumagetsi. Kuwala kuja kudabwera. Kenaka adalowetsa chala kuseri kwa kabotolo kagalasi kaja, naphimba kanthu kakang'ono ngati njere. Kuwala konse kudazima. M'kabotolo mudangotsala kadontho kofiirira, kosaoneka pokhapokha utatsinzina diso limodzi.

"Moto wa chubu ndi kadontho ako," adatero Che Kamba. "Winawu ndi kagetsi ka LED, konga ka m'tochi ya foni. Adakaika kuti maso a wogula akhute. Chikomekome cha nkuyu."

Chule adameza mate. Nyani adakumbuka njinga yake.

"Ndiye chubucho n'chabodza?" adafunsa Abiti Njiwa.

"Ayi, Abiti, chubu n'chenicheni. Werengani apa: 12AX7. Ku Ulaya amachitcha ECC83. Mtundu uwu adaupanga a RCA ku America nkhondo yachiwiri itangotha, ndipo mpaka lero akuupangabe ku Slovakia, ku Russia ndi ku China. Agogo ake a machubu onsewa adawatulukira Lee de Forest mu 1906. Mawailesi akale ambiri ankayendera machubu. Unkayatsa, n'kupita kukatereka madzi pamoto, pobwera ndiye wayamba kulankhula. Mu 1947 kudabwera transistor, kakang'ono, kosatentha, kosasweka, ndipo machubu adayamba kutha m'nyumba za anthu. Adatsala kwa oliza magitala ndi m'masitudiyo akuluakulu, chifukwa chubu ukachikankha pang'ono chimapinda mawu mofewa, khutu n'kumakondwa."

"Basi ndi zomwezo!" adatero Che Fisi. "Tsekani tizipita."

"Khalani pansi, Che Fisi. Chubu ichi kuti chigwire ntchito yake yonse chimafuna mavolti 200 kapena 300. Zopangira mphamvu yotere n'zolemera ndiponso n'zodula. Ndiye opanga mabokosi otchipa amachipatsa mavolti makumi ochepa chabe. Chili ngati ng'ombe yomwe aimanga pangolo koma osaidyetsa: ilipo, nyanga zikuoneka, koma katundu akukoka ndi wina. Wokoka ndi aka." Adaloza kanthu kakuda kamiyendo isanu ndi itatu. "Aka ndiko kamakweza mawu. Chubu chimangothira kamchere pamwamba."

"Nanga ntchito ya bokosi lonseli n'chiyani, ambuje?" adafunsa Nkhululu, yemwe sankalankhula kawirikawiri.

"Funso ndi limenelo. Maiki imasandutsa mawu kukhala magetsi, koma ochepetsetsa, osakwana n'komwe kachigawo kakang'ono ka volti imodzi. Kompyuta singagwiritse ntchito kanthu kotero. Preamp imatenga kanthuko n'kukakuza. Batani ili lolembedwa gain mukalipotokola mpaka pa 60, lakuza kuwirikiza 1,000. Kabatani aka kolembedwa 48V kamatumiza magetsi ku maiki yanuyo, chifukwa ndi ya mtundu wa condenser, ndipo yotere siimva kanthu popanda kudyetsedwa. Koma ikadyetsedwa imamva ngakhale nyerere ikuyenda pamphasa. Ndipo kabokosi kanu kakale kaja kolumikizira ku laputopu kali kale ndi preamp yake m'kati."

Padali zii.

"Nanga kulira kuja?" adafunsa Chule.

"Ndi mawu a magetsi a ESCOM. Amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo waya wanu wa maiki akuwatola. Mwagwiritsa waya wosayenera, wautali, ndipo mwaukulunga pamodzi ndi wamagetsi. Tengani uwu wa mano atatu. Usayandikane ndi adaputa kapena tchaja cha foni." Che Kamba adabwezeretsa masikuluwu limodzilimodzi. "Tsono mverani. Pachikani mabulangete m'makoma. Tsekani mazenera. Jambulani usiku chigayo chitazima. Woyimba atalikire maiki ndi chikhatho chimodzi. Kagetsi kofiira aka kakayaka, tsitsani batani, chifukwa mawu ayamba kusweka. Ndipo dziwani kuti bokosi ili silisankha. Chilichonse cholowa, limakweza."

"Mwamva?" adatero Che Fisi, akutembenukira anzake. "Chilichonse! Ngakhale ambuje avomera."

Che Kamba adamuyang'ana pamwamba pa magalasi, osanena kanthu. Kenaka adati atha kubwera ku Ntaja kudzawajambula, malipiro ake thumba limodzi la mpunga.

"Thumba?" adakuwa msungichuma. "M'thumba la gulu mulibe ngakhale njere. Tijambula tokha. Batani ndi kupotokola basi."

Tsiku lojambula lidafika. Che Fisi adasankha chipinda chamalata, cha makoma asimenti opanda kanthu, chifukwa mawu ake ankabwerera kawiri ndipo iye ankakonda kudzimva kawiri. Mabulangete adakana, adati akuphimba ulemerero. Zenera adatsegula kuti odutsa aone kuwala. Nthawi adasankha masana kuti odutsawo achuluke.

Kenaka adagawa malo. Iye adaima pamaiki, milomo ikukhudza chitsulo. Nyani adamuika pakona. Nkhululu kuseri kwa chitseko. Chule pansi pa tebulo. Abiti Njiwa pakhonde.

"Kuno ndimveka, Che Fisi?"

"Mumveka, Abiti. Bokosi limakweza chilichonse."

Adapotokola batani. Kagetsi kofiira kadaphethira. Adapotokolanso. Kadayaka osazimanso.

"Ambuje adati kakafiira titsitse," adatero Nkhululu.

"Ambuje ndi okalamba. Kafiira chifukwa kakundichitira manyazi."

Adapotokola mpaka batani lidakana kupita patsogolo. Ndipo adayamba nyimbo yomwe adapeka yekha usiku:

"Ndine Fisi, ndine Fisi, potokola!
Wa ku Ntaja, wa mafuta, potokola!
Ena pansi, ine pamwamba, potokola!"

Kunja chigayo chinkalira. Tambala wa aneba ankayankha. Njinga yamoto idadutsa kawiri. Mwana wina ankalirira mandasi. Bokosi lidalandira zonsezi mwaulemu, lidakweza.

Nyimbo itatha, Che Fisi adati, "Pitani mukapume, abale anga. Zotsalazi n'zaukadaulo." Onse adatuluka. Iye adatseka chitseko, natseka zenera koyamba tsiku limenelo. Asanakhoze kukhoma, Kalulu adalowera pazenera lomwelo. Awiriwo adapita pakona yakutali, kutali ndi khomo, kutali ndi makutu a anthu, nayamba kunong'onezana. Pa laputopu kadontho kofiira kadali kakuphethirabe, koma palibe adakayang'ana.

Madzulo Kalulu adathira nyimbo ija mu fulashi. Che Fisi adaimvera usiku wonse, koma ankangoti ikafika pomwe dzina lake latha kutchulidwa, n'kubwezanso poyamba. Kumapeto sadafikeko ngakhale kamodzi.

Tsiku lokhazikitsa nyimbo adabwereka masipika akuluakulu ku Liwonde. Pabwalo padadzaza. Kudabwera a ku Nselema, a ku Nsanama, ena mpaka a ku Ulongwe. Mfumu Njovu adakhala pampando wa ndalema kutsogolo. Amayi a banki mkhonde adakhala pamphasa, maso ali pa Abiti Njiwa. Che Fisi adavala suti yatsopano ndi nsapato zosongoka, ndipo ena adadabwa kuti nzeru zayamba liti kugula nsapato.

Nyani adabaya fulashi. Masipika adabangula.

Sadali mawu ofunda. Sadali mawu onona. Adali mawu a Che Fisi omwe aja, koma okula ka 1,000 ndi osweka m'mbali monse. Kumbuyo kwake chigayo. Kumbuyo kwa chigayo tambala. Kumbuyo kwa tambala mwana wa mandasi. Kutali kwenikweni, ngati kutsidya kwa mtsinje, kamawu ka Abiti Njiwa kankayesa kusuzumira n'kumira. Agalu adathawa. Makanda adalira. Mfumu Njovu adapinda makutu ake onse awiri, ndipo makutu a njovu sapindika msanga.

Che Fisi yekha ankavina.

Nyimbo idatha. Anthu adapuma. Koma masipika sadakhale chete, ankangoti sssss. Nyani adaganiza kuti waya wamasuka, ndiye adakweza voliyumu kuti amve. Mudamveka chitseko chikutsekedwa. Mudamveka mapazi. Kenaka mudamveka kunong'ona, koyera bwino, liwu lililonse palokha, kuposa nyimbo yonse ija.

"Bwana wapampando, anga aja anayi mwasunga pati?"

"Ali kwa apongozi anga ku Liwonde, pamodzi ndi anga khumi. Tsitsani mawu, achimwene."

"Palibe akumva. Koma sadzafunsa mtengo weniweni?"

"Afunse ndani? Chule sadziwa kuwerenga kupitirira zala zake. Nyani bola umuyamikire ng'oma. Bokosi la matumba 6, iwo apereka 20, n'kundithokozanso."

"Nanga Abiti?"

"Ameneyo ndamuika pakhonde. Anthu akamva mawu ake, ine adzandiyang'ananso ndani?"

Kenaka kuseka. Kuseka kwa fisi, kotsitsa, kobisa, kokwezedwa ka 1,000.

Pabwalo ponse padali zii. Che Fisi adaima mwendo umodzi uli m'mwamba, gule atamuthera pakati.

"Amenewo si mawu anga," adatero. "Bokosi lawasintha. Lawafunditsa."

"Bweza timvenso," adatero Mfumu Njovu.

Nyani adabweza. Adamvanso. Adabwezanso kachitatu chifukwa amayi a banki mkhonde adati kumbuyo sadamve bwino, ngakhale adamva.

"Ukayenda siya phazi," adatero mayi wina wachikulire pamphasa, ndipo anzake adamaliza okha mwambiwo.

Adamufunafuna Kalulu. Pomwe adakhala padangotsala jekete yachikopa.

Mlandu sudatenge nthawi, poti mboni idali mu fulashi ndipo sinkasintha mawu. Ngolo idapita ku Liwonde kwa apongozi. Idapeza matumba asanu okha, ena adali atasanduka suti, nsapato ndi nyama yootcha. Mfumu Njovu adagamula kuti otsalawo Che Fisi awabweze ndi ganyu m'minda ya mpunga ya Chule, mpaka njinga ya Nyani ibwerere ndi ngongole ya Abiti Njiwa ithe. Upampando adamulanda. Ulembi adamulanda. Usungichuma adamulanda kawiri, kuti atsimikize.

Chule adafuna kuliponya bokosi mu Shire. Abiti Njiwa adati, "Dikirani, achimwene. Pa tonsefe, ndi ili lokha lomwe silidatinamize." Adatenga thumba limodzi pa asanu aja, natumiza uthenga ku Balaka.

Che Kamba adafika patatha masiku anayi, poti kamba ndi kamba. Adasankha kachipinda kaudzu. Adapachika mabulangete, naimika matiresi kukhoma, nayala mphasa pansi. Adadikira chigayo chizime, tambala agone, njinga zamoto zithe pamsewu. Adayatsa bokosi nalisiya kanthawi kuti chubu chitenthe. Batani adalipotokola osafika n'pakati pomwe. Adayeza chikhatho chimodzi kuchokera pamaiki, naimika Abiti Njiwa pamenepo. Chule adamubweza m'mbuyo pang'ono, Nyani m'mbuyo kwambiri.

Adayimba. Nkhululu adaphonya, adayambiranso. Chule adathamanga, adayambiranso. Nyani adakwiya, adatuluka, adabwerera, adayambiranso. Kagetsi kofiira sikadayake usiku wonse. Nkhuku zisanatsike, nyimbo idapsa.

Kenaka Che Kamba adachotsa bokosi, nalumikiza maiki ku kabokosi kakale kaja, nati ayimbenso kamodzi. Adawamvetsera zonse ziwiri osawauza iyi ndi iti.

"Yoyambayo ndiyo ya chubu," adatero Nyani.

"Ayi, yachiwiriyo," adatero Chule.

Adatsutsana mpaka dzuwa lidatuluka. Zonse ziwiri zidali zokoma. Ina idali yokhuthala pang'ono kunsi, ina yoyera pang'ono kumwamba, ndipo m'zonse ziwiri Abiti Njiwa ankamveka ngati waima pafupi nawe.

"Ndiye bokosili n'labwino kapena n'loipa, ambuje?" adafunsa Nkhululu.

"Pa matumba 6 n'labwino," adatero Che Kamba akukulunga mawaya ake. "Pa matumba 20 n'lokwera. Pakamwa pa Fisi n'loopsa."

Nyimbo ija idayenda m'mafoni kuchokera ku Ntaja mpaka ku Balaka. Ogulitsa tomato ankaiyimba. Akabaza ankaiyimba. Ngakhale Che Fisi, ali m'matope mpaka m'mawondo akuwokera mpunga wa Chule, ankapezeka akuing'ung'uza, kenaka n'kuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali maiki pafupi.

Tsono inu amene mwayamba kale kuwerenga matumba anu, chifukwa mwamva kuti kwinakwake kuli bokosi lofunditsa mawu, nkhani ya Kalulu sindinaimalize. Adamuona pa Nkaya akukwera sitima yopita ku Nayuchi, atavala jekete ina. M'chikwama mwake muli bokosi latsopano. Ili lili ndi timazenera tiwiri, ndipo tonse tikuwala. Akuti akufunafuna gulu lomwe wapampando wake ndi msungichuma yemwe. Akafika kwanuko mumulandire bwino, mumupatse mpando ndi madzi akumwa. Kenaka muyatse maiki, mupotokole batani, mumusiye ndi wapampando wanu awiriwiri.